Njerwa zinayi pansi pa bedi la ababa

Munthu akandiuza kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndimangomuyang'ana. Wina ndikamuyankha sabweranso kudzasoketsa kwa ine, ndipo sindidandaula. Ine mawu a akulu ndinawamvera tsiku lina Lachiwiri masana, nditagwada pasimenti ya m'chipatala, ndipo agonera zaka zitatu tsopano koma sanakomebe.

Ababa anali wosamalira maluwa ku Sunnyside, panyumba ina yakale imene anaisandutsa maofesi. Anachoka ku Nsanje ali mnyamata, ntchito imeneyo n'kuipeza ine ndisanayambe sukulu. Amayi anatisiya kalekale, choncho tinkakhala awiri kuseri kwa Mpingwe. M'mawa tinkatulukira limodzi, ine n'kutsikira ku Limbe kumene ndimasoka pakhonde la sitolo ina, iwo n'kupitirira ulendo wa m'tauni atanyamula mbatata yophika m'kajumbo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Funso lawo kwa ine linali limodzi tsiku lililonse, ngakhale nditakula chonchi: "Wadya?"

Chikwakwa chinawatema pamsongolo akutchetcha udzu kuseri kwa maofesi aja. Anatsuka ndi madzi amchere, n'kumanga kansanza, basi nkhani yatha. Nditawauza za kuchipatala anandiseka. Anati akakhale pamzere tsiku lathunthu chifukwa cha kabala kosakwana ndi chala, ndiye mbande zawo athirire ndani? Amuna a msinkhu umenewo ndi mmene alili, amaopa mzere kuposa manda. Patatha sabata ndi masiku awiri mwendo unatupa mpaka buluku silinkalowa. Lamulungu ndikuchokera kutchalitchi ndinawapeza atafunda mabulangete awiri, kunja dzuwa la Okotobala likuswa mtengo, iwo akunjenjemera, akulankhula Chisena ndi anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Aneba athu anatinyamula pagalimoto yawo.

Tinagonekedwa m'wodi ya amuna Lolemba m'mawa, ine ndiye gadiyani. Amene anagonapo m'chipatala akudziwa kuti gadiyani ndiye wophika, wosambitsa, wotaya mikodzo, wothamangira anesi, koma sawerengedwa ngati munthu wokhala ndi makutu. Dokotala anali mtsikana, mwina wamng'ono kwa ine, atavala nsapato zothamangira. Anayang'ana bala, anagwira manja ndi mapazi a ababa, anayeza bipi kawiri. Kenako anandiuza mwachidule kuti tizilombo ta pabala talowa m'magazi, matenda amene iwo amati sepisisi. Zotsalazo analankhula Chingerezi ndi anesi, mawu akudutsa pamutu panga.

Ndiyeno anachita chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Anachotsa pilo kumutu, anawagoneka ababa chagada, n'kugwira akakolo onse awiri ndi kukweza miyendo m'mwamba. Chitenje chimene ndinawafunditsa chinatsetsereka. Ndinathamanga kukaphimba, mtima ukundiuza kuti mwana uyu alibe mwambo. Iye sanandiyang'ane n'komwe, maso ake anali pamakina a bipi amene anesi ankapopa. Anaigwira choncho miyendoyo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Ababa, amene kuyambira dzulo lake sankandizindikira, anatsegula maso. Anayang'ana denga, kenako anandipeza ine.

"Iwe, uli pano?" anatero. "Wadya?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Dokotala anagwedeza mutu, n'kulamula kuti aike diripu msanga ndipo aitsegule kwambiri. Anabaya jakisoni wa mankhwala. Anesi, mayi wonenepa wotopa ndi dziko, anapita kuseri kwa chitseko n'kubwera ndi njerwa zinayi zakuda ndi litsiro. Anaitana magadiyani awiri aamuna kuti anyamule bedi chakumiyendo, n'kulowetsa njerwa ziwiri uku, ziwiri uku. Pilo uja anamuika pansi pa akatumba a miyendo. Ababa anagona mutu uli m'munsi, mapazi ali m'mwamba.

"Agadiyani, izi musachotse," anatero anesi, akuloza njerwa ndi phazi. Anali atafika kale pabedi lina.

Mawu ake anali amenewo basi. Sanandiuze chifukwa, nanenso sindinafunse. Safunsa anadya phula, mwambi umenewu wokha ndiye ndimauvomera. Koma ndifunsenso ine: kunena kuti njerwazi zikuthandiza magazi kufika kumutu kukanamutengera mphindi zingati? Anali ndi odwala odzaza wodi, ndikudziwa, ena anagona pansi. Ndikudziwa zonsezo ndipo ndimakwiyabe.

Tsiku limenelo linatha bwino. Mabotolo a diripu ankasinthidwa, ababa ankagona n'kudzuka, ndikawaitana ankayankha. Lachiwiri m'mawa anamwa tiyi masipuni angapo ndikuwakweza mutu pang'ono ndi dzanja, n'kundituma kuti ndiimbire foni mlonda wa ku Sunnyside athirire mbande madzulo, osati masana. Ndinati munthu wabwerera.

Azakhali anafika tsiku lomwelo. Ndi mlongo wawo wamkulu wa ababa, ndipo kwathu mawu a azakhali ndi lamulo. Ndiwo anandilangiza nditatha msinkhu, ndiwo anakhala kutsogolo pamaliro a amayi. Kumudzi munthu akayamba kutsirizika, woyamba kuitanidwa ndi iwo. Amatseka maso, amamanga chibwano, amawongola manja ndi miyendo thupi lisanaume. Amanyadira ntchito imeneyi. Ndinawamvapo akudzudzula banja lina kuti linalekerera gogo wawo kufa atapinda mawondo, mpaka pomuika m'bokosi kunamveka kuthyoka, ndipo ankanena ngati ndi mlandu woposa imfayo. Anakwera basi ya m'bandakucha ku Nsanje. M'chikwama mwawo, pamwamba pa nthochi ndi botolo la thobwa, munali nsalu yoyera yatsopano yosachapa. Ndinaiona pamene ankatulutsa nthochi.

Analowa pa nthawi yoona odwala ya masana, limodzi ndi abambo aang'ono awiri a ku Bangwe ndi amayi atatu a kumpingo. Nthawi imeneyo wodi imasanduka msika wa Limbe. Bedi lililonse lazunguliridwa, uku akupemphera mokuwa, uku akutsegula mabakuli, ndipo anesi amapezerapo mpata wokadya. Azakhali anaima kumiyendo kwa bedi, manja m'chiuno. Sanandipatse ngakhale moni.

"Wamugoneka chonchi ndani mlongo wanga? Ndi mbuzi yosenda iyi?"

"Ndi anesi, azakhali. Akuti tisachotse."

"Musachotse chifukwa chiyani?"

Mpaka lero malo amenewo ndi amene amandiwawa. Ndikanakhala ndi chiganizo chimodzi chokha m'kamwa, ndikanaima nacho. Ndinalibe.

Anavundukula chitenje, n'kugwira mapazi a ababa ndi manja onse awiri, nthawi yaitali, maso atatsinzina. Mapaziwo anali ozizira, zimenezo n'zoona. Anatembenukira amayi a kumpingo aja, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo onse atatu anapumira m'mwamba nthawi imodzi. Mlandu unagamulidwa pomwepo ine ndili chilili.

"Imfa imayambira kumapazi, mwanawe," anatero. "Ine ndagwira mapazi ambiri. Akapita ali chonchi, miyendo ili m'mwamba, adzauma chomwecho, ndipo wovutika kuwongola ndi ine, osati anesi akowo. Komanso munthu wamkulu, mwini mbumba, mutu wake ukhale pansi pa mapazi ake? Nkhabe! Chotsa."

"Tidikire anesi abwere kaye, azakhali."

"Anesiyo ndi m'bale wake? Anayamwa bere limodzi? Iwe tauni yakulowa m'mutu eti? Bambo ako akufa ngati galu, iwe ukuti tidikire."

Abambo aang'ono aja sanayembekeze kuuzidwa kawiri. Anagwira bedi uku ndi uku n'kulinyamula. Panafunika munthu wogwada kuti asolole njerwa, ndipo pagulu limenelo wamng'ono ndinali ine. Azakhali anangondiyang'ana. Ndinagwada. Ndinasolola ziwiri za kumanja, ndinakwawa n'kusolola ziwiri za kumanzere, ndinaziunjika bwinobwino pafupi ndi khoma, chifukwa ndinaleredwa bwino. Palibe anandigwira dzanja. Ndimanena zimenezi poyera kuti asapezeke wina wondimvera chisoni molakwika.

Sanalekere pomwepo. Azakhali anati munthu sangapite ndi njala, amwe phala. Anawadzutsa ababa n'kuwakhazika tsonga, msana atautsamiritsa pa pilo uja ndi chikwama cha azakhali chomwe. Miyendo anaiwongola, akakolo anawagundanitsa, n'kukulunga chitenje mothina kuyambira m'mawondo mpaka kumapazi. Manja a azakhali ankagwira ntchitoyo mwaluso, mosamala, ndinganene kuti mwachikondi, ndipo chikondi chimenecho ndi chimene chimandipsetsa mtima koposa. Ankakonza mtembo wa munthu amene m'mawa womwewo ankadandaula za mbande.

Pamene ankawadzutsa, ababa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chizungulire." Anatero kamodzi. Sipuni yoyamba ya phala inalowa, yachiwiri inabwerera n'kutsikira pachibwano. Nkhope inatuwa. Thukuta linatuluka pamphumi, maso anakhala otsegula pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Ndinawaitana, sanayankhe. Ndinati ndikaitane anesi, azakhali anandikoka chitenje.

"Khala pansi. Usamusokoneze, wapeza mtendere. Ukufuna abwere adzamubayebaye pa ulendo wake?"

Amayi a kumpingo anayamba nyimbo chapansipansi. Ndinakhala pansi. Ndinaimba nawo, Mulungu andikhululukire, ndinaimba nawo mavesi onse. Wotchi ya pakhoma ndinkaiona. Anakhala tsonga choncho kupitirira theka la ola, mpaka alonda anayamba kuomba m'manja kuti alendo atuluke.

Anesi analowa akukankha kangolo ka mankhwala. Anaona njerwa pakhoma asanaone wodwala. Sindinaganizepo kuti thupi limene lija lingathamange choncho. Anasolola chikwama cha azakhali n'kuchiponya pansi, nthochi zinamwazika, anawagwetsa ababa chagada, n'kunyamula miyendo yonse yokulungidwayo kuiika paphewa pake, uku akukuwa kuti wina akaitane adokotala. Dokotala uja anabwera akutafuna. Anabweretsa diripu ina, anawaveka chapamphuno cha okosijeni, kachipangizo kakang'ono anakapanitsa pachala. Azakhali anali ataima pakhomo ndi mlonda, akuuza aliyense wodutsa kuti ana a masiku ano salola munthu kufa mwaulemu.

Atawakankhira kuchipinda cha odwala kwambiri, anesi anandibwerera pamaso pa wodi yonse.

"Agadiyani, ndinakuuzani chiyani ine? Ndinati chiyani za njerwa? Anthu inu simumva! Mukapha wodwala wanu muziti achipatala ndi oipa."

Apo ndiye chinandiphulikira. Sindinayambe ndakalipirapo munthu wovala yunifolomu, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka odwala anadzuka. Ndinati munandiuza ngati mukuuza galu kuti asalowe m'khitchini. Ndinati mukanandiuza chifukwa chake, ndikanagona pansi pa bedilo n'kuzikumbatira njerwazo. Ndinati mumalankhula Chingerezi pamutu pathu, kenako mumadabwa kuti sitinamve. Iye anatola kangolo kake n'kuchoka. Tonse awiri tinkanena zoona, ndipo zoonazo sizinathandize ababa.

Chifukwa chake ndinachimva mawa lake m'mawa, pakhonde la wodi, pamene chinalibenso ntchito. Dokotala anandipeza ndikutsuka beseni. Anati matendawa amafewetsa mitsempha yonse ya magazi, ndiye magazi amangodikha m'miyendo ndi m'mimba, mtima n'kumapopa zochepa. Anandifunsa kumene ndimakhala. Nditamuuza, anati ndiye mukudziwa, madzi akachepa mphamvu m'mapaipi, mipopi yoyamba kuuma ndi ya nyumba za kumtunda. Pathupi la munthu amene wakhala tsonga, kumtunda ndi kumutu. Magazi ndiwo amanyamula mpweya, ndipo ubongo supirira kusowa mpweya ngati mmene mwendo ungapiririre. Kukweza miyendo kumabweza magazi ena kumtima. Poyamba paja ankayesa kuti aone ngati thupi lilandira madzi a diripu, ndipo njerwa zinali zongogwirizira pamene madzi ndi mankhwala zinkagwira ntchito. Mapazi ozizira aja, anatero, sinali imfa. Linali thupi likuumira magazi kuti apite kofunika.

Zonsezi anazinena m'Chichewa chosavuta, ndipo sizinathe mphindi zitatu. Ndinamuyang'ana mtsikanayo, ndinafuna kumukumbatira ndi kumumenya khofi nthawi imodzi.

"Adokotala, ndiuzeni zoona," ndinatero. "Ndawaononga mutu ine?"

"Mayi, sindikunamizani. Njerwa si mankhwala. Matendawa paokha amatha kuononga ubongo ngakhale munthu atagona bwinobwino. Kuwakhazika tsonga bipi ili pansi choncho sikunawathandize, zimenezo sindingabise. Koma kuti mpweya unachepa bwanji m'mutu mwawo nthawi imeneyo, pano tilibe makina oyezera. Kachipangizo ka pachala kaja kamatiuza za m'magazi basi. Za m'mutu timaona ndi maso, ngati munthu akuyankha kapena ayi."

"Asanawadzutse ankayankha."

"Ndamva," anatero, n'kuyang'ana pansi.

Ndiye ndi mmene ndinatsalira, wopanda wondiweruza komanso wopanda wondimasula. Akanati ndi iwe, ndikanalira n'kuzolowera. Akanati si iwe, ndikanagona tulo. Anandipatsa mwina, ndipo mwina ameneyu ndimadzuka naye tsiku lililonse.

Ababa sanamwalire. Anakhala masiku asanu osatsegula maso, kenako anatsegula, bala linayamba kuuma, ndipo patatha masabata atatu tinatuluka. Azakhali anali atabwerera kale ku Nsanje. Ndinamva kuti anakaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti anapeza mlongo wawo atapachikidwa chadodolido, iwo n'kumutsitsa, n'kumupempherera, ndipo Mulungu anamva. Anthu anaomba m'manja. Nsalu yoyera ija anaisiya kwathu, pamwamba pa kabati, ndi uthenga woti ndiisunge bwino chifukwa tsiku lake lidzafika. Sindinawaimbirepo foni kuyambira pamenepo. Abale amati ndine wamwano, amati magazi salekana, amati azakhali anachita zimene ankadziwa. Eya, anachita zimene ankadziwa. Amadziwa akufa, ndiye aliyense wogona amamuona ngati ntchito yawo. Abambo aang'ono aja akabwera amakhala pakhonde n'kumati zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ngati kuti Mulunguyo ndiye ananyamula bedi.

Ku Sunnyside sanabwererenso. Tinayesa kamodzi, ndinawaperekeza, koma atatsika minibasi m'tauni anaima pakati pa msewu osadziwa kolowera, malo amene anayendamo moyo wawo wonse. Tsopano amakhala pakhomo. Mitengo ndi maluwa amazidziwa zonse ndi maina ake, akaona munthu akuthirira masana amamukalipira. Nyimbo za kutchalitchi amaimba osaphonya. Amadya okha, amasamba okha. Chimene chinachoka ndi ine. Nkhope yanga inafufutika, ndipo amandiyesa mayi wina wachifundo amene anawasunga. Amandipatsa ulemu woopsa. Ndikawapatsa tiyi amalandira ndi manja awiri.

Mwendo wa bala uja umatupabe akakhala nthawi yaitali, ndipo kuchipatala anati tiziukweza akamapuma. Ulendo uno ndinafunsa chifukwa, ndinafunsa kawiri, mpaka anesi wake anandiyang'ana ngati wamisala. Nditafika kunyumba ndinatsitsa nsalu ya azakhali pakabati, ndinapita nayo ku Limbe, ndinaidula ndi sizasi yanga yaikulu n'kusoka mapilo awiri. Mnzanga wosoka naye pakhonde anati nsalu ya maliro sasewera nayo. Ndinamuuza kuti asamale ulusi wake.

Masana aliwonse a Loweruka, ndikaweruka msanga, ndimawagoneka pamphasa pakhonde n'kuika mapilo awiriwo pansi pa miyendo yawo. Nthawi zina ndimachita zopusa. Ndimagwira akakolo n'kukweza miyendo m'mwamba monga anachitira dokotala uja, ndikuwerenga chamumtima, maso anga ali pankhope pawo, kudikira kuti mwina atembenuka n'kundipeza. Iwo amangoseka, amati mayi inu muli ndi masewera.

Loweruka lapitali nditatsitsa miyendo anandigwira dzanja.

"Mayi, inu ndinu munthu wabwino, Mulungu akudalitseni," anatero. "Koma ndikutumeni. Ndili ndi mwana wanga wamkazi, amasoka ku Limbe. Anandisiya kuchipatala, sanabwerenso. Mukamuona musamukalipire. Mungomufunsa ngati wadya."